Katundu wa Eni Ake ku London

Lolemba

Ndili ku London! Ine mwana wa ku Ntcheu, mphunzitsi wa jogalafe ku Chilumba, amene ndatha zaka khumi ndi zinayi ndikujambula mzinda uno pabolodi. Boma latumiza aphunzitsi asanu ndi mmodzi kudzaphunzira kaphunzitsidwe ka pa wailesi. Sabata imodzi yokha, Lamulungu tikubwerera. Munthu wa imvi ngati ine mwayi wotere sundipezanso.

Zoti ndione ndi maso angawa:
1. Wotchi yaikulu ija ili pachikuto cha buku la Fomu 2.
2. Mlatho wotseguka pakati.
3. Nyumba ya mfumukazi ndi asilikali a zisoti zaubweya.
4. Bwalo la nkhunda.

Kamera ndabwereka kwa mnzanga wa ku positi, muli filimu ya zithunzi khumi ndi ziwiri.

Vuto ndi sutikesi. Zanga ndi malaya atatu ndi jekete, zotsalazo n'za eni ake. Usipa wouma wa mwana wa ahedi athu a Mwangonde, yemwe ndi namwino kuno. Ufa wa chinangwa wa mng'ono wawo wa abusa. Ndiye kathumba ka mpunga ka aNyaMsiska a ku Ngara, amene anabwera pansi wapansi, anthu onse ali kutchalitchi, n'kundiuza motsitsa mawu, akunditchula aphunzitsi m'chinenero chawo, kuti, "Asambizgi, mukapereke m'manja mwa mwana wanga." Mwana wawoyo anachoka zaka khumi ndi chimodzi zapitazo, ndipo dzina lake ku Ngara salitchula mokweza. Inenso sindililemba.

Ndikanakana bwanji? Ukakana katundu wa anzako, manda ako adzakumba ndani?

Lachiwiri

Kalasi ikutha folo koloko. Tikutuluka, kunja kwada kale. Dzuwa la kuno limaweruka nthawi imodzi ndi ife.

Mtsogoleri wa gulu lathu ndi a Chimwaza, amene palibe anawaonapo atagwira choko. Amatiwerenga m'mawa ndi madzulo ngati mbuzi.

Mnzanga wa m'chipinda akuti usipa ukapanda kuchoka lero achoka ndi iyeyo. Jekete langa lomwe likununkha doko la Chilumba, ndipo m'kalasi mzungu amene amakhala pafupi nane wasuntha mpando. Basi, usipa uyambe, wotchi mawa.

Sitima yapansi pa nthaka, ola lathunthu. Pawindo ndikuona khoma lakuda ndi nkhope yanga. Malinga ndi mapu, ndadutsa pansi pa wotchi ija kawiri, popita ndi pobwera.

Namwino wandilandira ngati atate ake. Tiyi, kenako nkhuku, kenako tiyi wina. Ndikati ndidzuke akuti mwamuna wake ali m'njira, zingakhale zamwano kuti ndipite osamuona. Ajambulitsa khanda kuti agogo ake akalione: litagona, litakhala, likulira, likuliranso. Zithunzi zinayi zapita.

Lachitatu

Mvula. Osati mvula yolimira nayo, koma yongonyowetsa munthu mopanda cholinga.

Ufa wa chinangwa ukupita lero kuti mawa ndikhale mfulu. Mng'ono wawo wa abusa amakhala kumene sitima imathera ndi kumene basi imayambira. Ndakwera pamwamba pa basi yosanja kuti mwina ndionepo kanthu. Mawindo onse nthunzi yokhayokha! Ndapukuta ndi mpango, ndaona denga la basi ina.

Ndafika, mwini wake kulibe. Ndakhala pamasitepe maola awiri, ufa uli pamiyendo. Kuusiya pakhomo sindingathe, abusa adzafunsa kuti ndinamupeza bwanji mng'ono wawo. Atafika wathokoza mwachikwawo kuti "Ndagha, ndagha," n'kuitana anthu ena atatu a ku Karonga a mumsewu womwewo. Aliyense akufuna chithunzi cha kwa amayi ake, wina akufuna ziwiri chifukwa choyamba anaphethira.

Zatsala zitatu. Zoti ndione zikadali zinayi.

Lachinayi

A Chimwaza aitanitsa msonkhano m'chipinda mwawo. Akuti mumzinda muno muli anthu osokoneza amene anathawa kwathu, ndipo wopezeka akucheza nawo akayankha yekha tikatera. Polankhula akuyang'ana aliyense mofanana, koma ine ndikumva ngati mpunga uja ukukhosomola pansi pa bedi langa.

Kenako akuti lero atitenga tonse kukaona mzinda. Mtima wanga phaa! Ndapukuta kamera.

Mzindawo ndi sitolo ya nsapato. Akazi awo anawajambulira phazi papepala, ndiye tayenda masitolo anayi tikuyeza pepalalo. Ife asanu ntchito yathu kunyamula mapaketi ndi kuvomereza kuti nsapato n'zokongola.

Panja pa sitolo yachitatu ndaona nkhunda imodzi, yotsimphina. Nambala 4 ndaikhwatcha theka.

Lachisanu

Alandiritsa masatifiketi. Tiyi ndi mabisiketi awiri. Mzungu wotiphunzitsa wandifunsa ngati mzinda wawo ndaukonda. Ndati ndi waukulu kwambiri.

Mawa a Chimwaza akupita kwa msuweni wawo, atimasula mpaka sikisi madzulo. Tsiku limodzi lathunthu, lomaliza.

Za mpunga ndaganiza njira izi:
— kuupereka kwa ophika a pahositelo;
— kuuiwala m'sitima;
— kuutaya mumtsinje, mwina mtsinjewo ndingauone.

Ndikuopa, ndisaname. Ndili ndi ana asanu ndi penshoni imene yatsala pang'ono. Koma ndikatseka maso ndikuona mapazi a aNyaMsiska, fumbi mpaka m'mawondo.

Ndatsimikiza chonchi: kulawirira, kugogoda, kupereka m'manja, moni wa chiimire, kubwerera. Teni koloko ndili pansi pa wotchi.

Loweruka

Kachipinda kamodzi pamwamba pa sitolo yotsekedwa. Watsegula munthu wowonda, wa dazi, m'manja muli mikwingwirima ya sopo. Ntchito yake ndi kutsuka mabasi. Maso ake agwera pa baji ya chipani imene ndaiwala kuchotsa pajekete, nkhope yake yauma. Ine ndangotambasula kathumba.

Wamasula, wanunkhiza, wakhala pansi.

"Amama ŵali makora?"

Ndati ali bwino, akuyenda okha. Ndikufuna kutsanzika, wandigwira dzanja. Akuti ndimuyendetse kaye kuchokera padoko la Chilumba mpaka ku Ngara, ndi pakamwa, nyumba ndi nyumba. Ndayamba mothamanga. Sitolo ya Mmwenye inatsekedwa. Tchalitchi anafolera malata. Mlatho wa mitengo unakokoloka. Ndikadumpha akundibweza: "Mwasiya nyumba ya a Kondowe, asambizgi." Ndinabwera kudzaonetsedwa mzinda, ndine amene ndikuonetsa mudzi.

Naini koloko yadutsa. Tafika pabwalo la kwawo, pamtengo wa mango. Akufunsa ngati adada ake akusokabe maukonde pansi pake.

Palibe anamuuza kuti anamwalira. Zaka zitatu, palibe analimba mtima kulemba kalata, ndipo aNyaMsiska sanandichenjeze. Maliro amenewo ine ndinaliko, ndinanyamula nawo bokosi.

Ndamuuza.

Wobweretsa uthenga wa maliro sadzuka n'kumapita kukaona wotchi. Ndavula nsapato, takankhira mipando kukhoma, takhala pansi awiriwiri. Iye akulira, ine ndikuyimba nyimbo ya m'buku imene ndikuikumbuka ndime imodzi yokha, mobwerezabwereza. Masana ndaphika mpunga uja, ndamukakamiza kudya. Chithunzi wakana, akuti filimu ikatsukidwa kwathu idzapha anthu.

Potuluka faifi koloko, kunja kuli mdima, ndafunsa kuti wotchi ili kutali bwanji. Akuti mphindi makumi awiri wapansi. A Chimwaza awerenga mbuzi zawo sikisi koloko, zonse zakwana.

Lamulungu

Chifunga. Basi yopita kubwalo la ndege.

Ndimayesa ndibwerera wopepuka. Namwino wabweretsa katoni, a ufa aja makatoni awiri ndi ambulera ya abusa. Zonse zili pamiyendo panga mpaka pachibwano. Dalaivala wati wotchi ili kumanzere, anzanga athamangira kuwindo. Ine ndili kumanja, pansi pa katundu. Ndamva kulira kwake kokha, kamodzi, mwina inali belu ya njinga.

Ana a Fomu 2 ndidzawauza kuti ndi yaikulu. Bodza mulibemo.

M'sutikesi muli juzi yaubweya yofiirira imene anandipatsa wotsuka mabasi uja dzulo, ya munthu wamkazi wokalamba, yopanda kalata, yopanda dzina. Pabwalo la ndege a Chimwaza aiona pamene ndikulongedzanso, aitembenuza uku ndi uku, afunsa kuti ndi ya ndani.

"Ya amayi anga," ndatero.

Ayamikira kuti ndine mwana wabwino. Amayi anga anagona ku Ntcheu zaka zisanu ndi zinayi zapitazo, andikhululukire powadzutsa. Loweruka likudzali ndipalasa njinga kupita ku Ngara.