Nkhuku Zathu Zinadya Ndolo

Pali ntchito zina munthu umaziyamba ndi mtima wabwino, n'kumaliza utagwada pakati pa nkhuku. Yangayi inatero.

Mayi a kunyumba ali ndi ndolo zasiliva zomwe anawasiyira azakhali awo, aja ankagwira unamwino ku Mtengowanthenga. Zinali zokongola zedi. Zinali ndi timiyala totuwa, tating'ono ngati mawere, tomwe tikawombedwa ndi dzuwa tinkathwanima ngati mame. Eni ake amati ndi makasaiti. Akazivala popita kutchalitchi kwathu ku Chisepo, ndinkayenda pambali pawo monyada ngati ndinazisula ndine.

Chinkandivuta n'choti m'mphepete mwa timiyalato munali mwakuda. Ine ndinkati ndi litsiro. Kutatsala tsiku kuti mng'ono wawo akwatiwe, iwo atapita kuchigayo, ndinaganiza zowadabwitsa.

Ndinaziviika m'madzi otentha a sopo, koma kuda sikunachoke. Ndinatenga mswachi (wanga, osati wawo, ulemu ndili nawo) ndi phulusa, n'kukwecha ngati mphika. Zinayera mbee. Madziwo ndinakhuthulira pabwalo, uku ndikuimba mluzu.

Kuziyang'ana padzuwa, sizikuthwanima. Pomwe panali timiyala pangotsala timaenje. Kucheuka, nkhuku zili jompho jompho pamatope paja.

Mayiwo anandipeza ndikulimbirana timiyalato ndi tambala.

"Bambo a Chisomo, mwataya chiyani?"

Ndinangotambasula dzanja. Anayang'ana ndolozo, kenako anayankhula mofatsa.

"Timiyalati anachita kumata ndi guluu, sitifuna madzi. Kuda kuja ndi kwadala, ndiko kumathandiza timiyalati kuoneka towala. Ndolozi zimangofuna kupukuta ndi kansalu kofewa kouma, basi."

"Tiphe nkhukuzi," ndinatero, "mwina timiyalato tikadali m'nthutumba."

"Zonsezi? Nanga mazira muziikira ndinu?"

Anaseka, koma misozi inali italengeza.

Mawa lake kuukwati anazivala momwemo, mutu uli m'mwamba. Mayi wina wa m'kwaya atafunsa chomwe chachitikira ndolozo, anangoti, "Anandichapira abambo a kunyumba. Alipo angati amuna oganiza zochapa ndolo?" Ine ndinaloza maso pansi, ndikuona kuti ndinakwatira munthu woposa siliva wake.

Masiku ano chibangili chawo nachonso chayamba kuda. Ndikachiona pathebulo, manja ndimapisa m'thumba (ngakhale, kunena zoona, phulusa pang'ono lokha silingachiononge).