Nyumba Nambala Seveni Ikutuluka Thukuta

Kwa Bwana Mkulu Woyang'anira Nyumba za Antchito,
Kampani ya Thonje la M'chigwa.

Wolemekezeka Bwana,

Ndalemba kalatayi nditagwada, ndipo simenti ya m'nyumba mwanga yandinyowetsa kale maondo. Ndine Hilario, kalaliki wanu wa pasikelo kwa Makhuwira, amene munandikwezera m'nyumba yamalata chaka chatha.

Sabata yomwe ndinalowa, mutu unandikula. Ndinaitana apongozi anga kuchokera kwa Mlolo kuti adzaone kusiyana kwa munthu wa Fomu Thuu ndi anthu ogona m'nyumba zaudzu. Ndinkagogoda khoma ndi chala kuti amve kulira kwa njerwa. Iwo anayamikira mwaulemu, anayetsemula kangapo, n'kubwerera tsiku lomwelo. Ine ndinauza mkazi wanga Otilia kuti makolo ake achita nsanje.

Tsopano loleni ndithokoze.

Choyamba, malata. Anthu a m'chigwa muno amayang'ana kumwamba mpaka Disembala, koma ife mvula imatigwera mu Juni, tili pabedi. Kukazizira m'mawa, malata amadontha mpweya wathu womwe. Ndinamangirira ambulera pamwamba pa bedi, ndipo ndikukhulupirira kuti m'boma lonse la Chikwawa palibenso kalaliki wina wogona mwaulemerero chonchi.

Chachiwiri, makoma. Munatipatsa oyera, pano ndi obiriwira ndi akuda, osagula utoto. Nkhunguyi ilibe tsankho. Suti yanga yaukwati yamera ubweya, nsapato zachita ndevu, ndipo khadi langa lachipani, lomwe ndinkasunga m'thumba la sutiyo, lasanduka ngati tsamba la fodya. Anyamata achipani oona makhadi pageti la msika anandifunsa ngati ndikunyoza chipani. Ndinawafotokozera za chinyontho m'Chingerezi chabwino. Anandiimbitsa nyimbo padzuwa mpaka amayi ogulitsa nsomba anayamba kundiombera m'manja.

Chachitatu, ndi chachikulu, malangizo amene munatitumizira. Munati titsegule mawindo m'mawa uliwonse, tisayanike zovala m'nyumba, tiziphikira panja. Awiri omalizawo tawatsata. Koma mawindo, Bwana, amisiri anu anawawotcherera kuti akuba asalowe, ndipo ndikuchitira umboni kuti wakuba sanalowepo, mphepo nayonso. Poopa kuphwanya lamulo lanu, m'mawa uliwonse ndimapita pawindo, ndimagwira chogwirira, ndimakankha, kenako ndimapita kuntchito. Tsiku lina ndinalimba mtima n'kuboola kabowo pamwamba pa khomo ndi tchizulo. Ndinadzitema chala. Kapitawo wanu, a Leonard, anabwera n'kumata bowolo ndi simenti, n'kundichenjeza kuti ndikuwononga katundu wa kampani. Ndinawathokoza, n'kuwapatsa madzi osamba m'manja.

Mwana wathu Rute anayamba kutsokomola mwezi wa Julayi. Chifuwa chake chinkalira ngati mluzu, akagona mapewa n'kumakwera ndi kutsika. Adokotala atamupima anandifunsa ngati timagona m'bwato. Ine, ndi nzeru zanga zonse, ndinawauza kuti ayi, timagona m'nyumba yamakono. Titafika kunyumba Otilia anabereka mwana, n'kunyamula mphika ndi mphasa, n'kundiuza m'Chisena kuti kwawo madzi amalowa kamodzi pachaka, polowera pakhomo, ndipo amadziwa kutsanzika. Anapita kwa Mlolo. Ndamva kuti mwana wasiya kutsokomola, akuthamangitsa anapiye. Mayi ake atumiza mawu akuti adzabwera khoma likadzauma. Ndimaligwira tsiku ndi tsiku. Ndatsala ndi achule awiri kuseri kwa kabati, ndipo mmodzi akuoneka kuti nayenso akufuna kusamuka.

Sindikupempha nyumba ina, sindine woyenera. Koma ntchito yanga imandilowetsa m'shedi yosungiramo thonje lanu. Mmenemo mabelo amagona pamatabwa okwezeka, mpweya umalowa uku n'kutulukira uko, ndipo belo limodzi likangonyowa, mumabwera nokha pagalimoto. Choncho ndikupempha modzichepetsa kuti mulole ndimukweze Rute pasikelo, ndimulembe ngati thonje la giredi yoyamba, kuti mwina apeze kangodya mmenemo. Ine ndi mayi ake tingakhutire ndi giredi yachiwiri.

Ndine wantchito wanu womvera, wonyowa koma wokhulupirika,

Hilario Kaitano,
Nyumba Nambala Seveni.