Mapazi Khumi ndi Chimanga cha Apongozi

Lolemba

Lero ndine kapitawo! Ndilembenso kuti ndidziwerengere ndekha: KAPITAWO. Zaka zisanu ndi ziwiri ndikusesa masamba m'mapaki a ku Longacres, lero boma landikumbukira.

A Mwamba, bwana wathu ku ofesi yoyang'anira mapaki ndi mitsinje, andiitana m'mawa. Andipatsa kamtsinje kodutsa kuseri kwa Kabwata, kufupi ndi kwathu komwe. Akuti: "Ba kapitao, anthu balima mpaka mu manzi. Dothi ikugwelamo, manzi yakhala monga tiyi. Pa Satade bazabwela bakulu ba Chipani kuona. Nifuna pakhale poyela."

Zomwe andipatsa:
- yunifomu ya khaki (buluku laperewera pang'ono, palibe kanthu)
- jombo zatsopano
- wezulo
- antchito awiri, a Zulu ndi a Sakala
- wilibala imodzi yolira ngati mwana wa mbuzi

Zochita sabata ino:
1. Kuvuula zinyalala zonse m'madzi.
2. Kutchetcha mbewu iliyonse yobzalidwa pasanakwane mapazi khumi kuchokera kumadzi. Lamulo ndi lamulo!
3. Kubzala mitengo makumi atatu kuti mizu igwire dothi.
4. Kuimika chikwangwani.

Kwathu ku Katete tinkamwa madzi a mumtsinje ndi manja, tikuona miyala pansi. Tisa, mwana wanga, akuganiza kuti mtsinje ndi malo otayira zitini. Ndikonza zimenezi.

Pobwerera kunyumba ndadzera njira yaitali kuti Kabwata yense aone. Amake Tisa akuti yunifomu yandikhala. Kenako akufunsa ngati kapitawo amaimanso pamzere wa ufa. Funso lopanda ulemu!

Lachiwiri

Seveni koloko ndaliza wezulo, ngakhale a Zulu ndi a Sakala ali pambali panga pomwe.

Zomwe tavuula: matayala anayi, zitini zosawerengeka, chitseko cha galimoto, bedi lachitsulo. A Zulu akufuna bedilo. Ndawauza kuti tsopano ndi katundu wa boma. Alisenza n'kupita nalo kwawo. Ndi akulu kwa ine ndi zaka makumi awiri, ndingatani?

Koma pofika masana madzi akuyenda! Akumveka ndithu pansi pa mlatho. Ndaima pamenepo nthawi yaitali, manja kumbuyo, ngati mwini wake.

Kenako kuwerenga minda ya m'mbali. Ilipo khumi ndi isanu. Umodzi, wa pafupi ndi mlatho, waposa yonse: chimanga chondipitirira msinkhu, maungu akulendewera mpaka kukhudza madzi. Ndati tiyambire pomwepa kuti ena atengerepo phunziro. Ndakhoma chikhomo chofiira pakati peni peni.

Azimayi ochapa tsidya lina asiya kuchapa. Wina akufuula: "Muyambila uyo? Ba kapitao ndimwe bamuna!" Onse kuseka mpaka kugwirana mapewa. Anthu amakonda mtsogoleri wolimba mtima.

Madzulo ndiwo ndi masamba a maungu otendera. Zokoma! Ndafunsa amake Tisa komwe agula.

"Sin'nagule. Ni chibwabwa ya amai, ya kumunda kwao pafupi na mulatho. Akuti kuli chitsilu china chakhoma chikhomo pakati pa maungu ao."

Ndameza bwinobwino. Sindinatsamwe.

Ndikadadziwa bwanji? Apongozi anabwera kuchokera kumudzi chaka chatha, akukhala kwa alamu anga msewu wachiwiri kuchokera pano. Ine ndine mkamwini woleredwa. Akalowera kukhomo, ine ndimatulukira kuseri. Tikakumana panjira ndimapatuka. Munthu amene sumuyang'ana, ungadziwe bwanji komwe amapita ndi khasu?

Lachitatu

Lamulo likuti mwini munda apatsidwe kaye kalata yochenjeza. Ndalemba makalata khumi ndi asanu, kalembedwe kanga kabwino ka kumishoni. Khumi ndi anayi ndagawa ndekha. Yotsalayo ndatuma a Sakala.

A Sakala abwerako patatha ola lathunthu, akutafuna. Kalata yanga ili m'manja mwawo, yakulunga chimanga chowotcha. Akuti apongozi anga ndi munthu wabwino kwambiri.

Ndiye ndapita ndekha. Ndaima kuseri kwa mtengo wa mapeyala, msana kumunda, chipewa m'manja. Ndalankhula ndi mtengowo mwaulemu. Ndauuza kuti boma likupempha mapazi khumi, chifukwa dothi likalimidwa mpaka kumadzi limagumuka, ndipo tsiku lina gombe lonse lidzapita.

Khasu lasiya kulira. Apongozi nawonso sakulankhula ndi ine, akulankhula ndi khasu lawo.

"Khasu iwe, uwauze a boma kuti mwezi watha mwana wanga anaima pamzere masiku atatu, n'kubwerako opanda ufa. Uwafunse kuti Tisa adya mapazi khumiwo?"

Mtengo wa mapeyala ulibe yankho.

Chonena chilipo ndithu: ine ndikunena zoona. Koma nawonso akunena zoona. Ku ofesi sanatiphunzitse za tsiku ngati limeneli.

Amake Tisa sakundilankhula. Wawauza ndani? A Sakala!

Lachinayi

Nzeru yatsopano: tiyambire kumunsi, munda wa apongozi ukhale womaliza. Mwina pofika kumeneko zikwakwa zikhala zitabuntha.

Munda woyamba kumunsi, mwini wake waima pakati ndi mwana kumbuyo: "Yambani na apongozi banu."
Wachiwiri: "Yambani na apongozi banu."
Wachitatu ndi wa a tcheyamani a Chipani m'dera lathu lino, omwe amasaina makalata a nyumba. Angondiyang'ana, n'kundifunsa nambala ya nyumba yanga.

Tatchetcha udzu. Udzu wokha. Koma tautchetcha bwino!

Masana lole ya ofesi yabweretsa mbande za mitengo. Ndinapempha makumi atatu, zabwera khumi ndi imodzi. Ziwiri zilibe tsamba ndi limodzi lomwe. Dalaivala akuti zikugona. Tabzala zonse m'mipata ya pakati pa minda. Ndazithirira ndi manja anga, iliyonse ndowa yake.

Chikwangwani nachonso chafika. Chachikulu, chobiriwira, zilembo zoyera. Ndinalamula kuti alembe OSALIMA PANO. Wolemba walemba OSALILA PANO.

A Zulu akuti tichiimike basi, chifukwa nawonso ndi malangizo abwino. Tachiimika. Nthawi yobweza palibe.

A Mwamba atumiza uthenga ndi dalaivala yemweyo: Loweruka akapeza phesi limodzi la chimanga, ndibwerera ku tsache la ku Longacres. Ndapukuta jombo kawiri.

Lachisanu

Ndalawira nditatsimikiza. Lero nditchetcha, ndiyambira kwa apongozi, ndi dzanja langa. Amake Tisa akapita kwa alongo awo, apite. Ndanola chikwakwa. Ndachinolanso. Pofika masana ndikadanolabe.

Thu koloko kumwamba kwada bii. Mvula yake! Ngalande zonse za Kabwata zikutsanulira mumtsinje wanga, ndipo popeza tachotsa matayala ndi bedi, madzi akuthamanga ngati basi yochedwa. A Zulu ndi a Sakala athawira pakhonde la sitolo. Ine ndatsala pamlatho kuyang'anira mbande zanga.

Zikupita ndikuona. Yoyamba, yachiwiri, yachitatu.

Ndipo ndikuona apongozi. Ali kumapeto kwa munda wawo, awerama, akukoka maungu aja olendewera kuti madzi asawatenge. Ndikufuna kufuula. Ndifuule kuti chiyani? Dzina lawo sindinalitchulepo chikwatirire. Ndaliza wezulo. Sakumva.

Gombe lagumuka.

Mizere itatu ya chimanga yalowa m'madzi pamodzi ndi iwo. Madzi m'chiuno, dzanja limodzi lagwira mapesi omwe akuzuka. Sindikumbuka kuti ndatsika bwanji pamlatho. Ndangopezeka ndagona chamimba m'matope, ndawagwira mkono ndi manja onse awiri.

Mkono wa apongozi! Ndipo nkhope yawo ili apa, pafupi ndi yanga. Zaka zisanu ndi zinayi za ukwati sindinaionepo bwino. Maso awo ndi a Tisa enieni.

"Kokani, atate a Tisa! Mukungondiyang'ana bwanji?"

Ndakoka. A Zulu afika, andigwira miyendo. A Sakala agwira a Zulu. Tonse tagwera m'maungu.

Apongozi akhala pansi, akupuma mwabefu, akunjenjemera. Ndavula jekete la yunifomu n'kulipereka kwa a Sakala kuti awafunditse, ine nditatembenuka kale. Ulemu wabwerera m'malo mwake. Dungu limodzi akadali nalo m'khwapa. Sanalitaye!

Zotayika lero:
- mbande zisanu ndi ziwiri
- jombo ya kumanzere
- mizere itatu ya chimanga
- chikwakwa changa chonola bwino

Ndinanena Lachitatu kuti gombe ligumuka. Ndinanena! Koma ndinauza mtengo wa mapeyala, ndipo lero si tsiku lokumbutsa munthu.

Amake Tisa andiwiritsira madzi osamba. Akulira, akuseka, akunditchula mayina omwe sindingalembe muno.

Loweruka

Chimanga chonse chotsala chili chiimire, chatsukidwa ndi mvula, chikuwala. Ine ndaima pamlatho, jekete losauma bwino, phazi lina jombo, lina nsapato ya kutchalitchi. Ndatsanzikana kale ndi wezulo mumtima.

A Mwamba afika naini koloko. Ayang'ana minda. Ayang'ana ine. Asanandikalipire, galimoto yakuda ya mbendera yaima kale kumbuyo kwawo.

Mkulu wa Chipani watsika, suti ya safari, mpango m'khosi. Wayang'ana kumtunda, wayang'ana kumunsi. Watambasula manja.

"Ichi ndiye chimene tikamba masiku onse! Kudzidalila! Dziko ili pa mavuto, koma anthu a Kabwata sakudikila sitolo, akulima!"

Wawerenga chikwangwani mokweza: OSALILA PANO. Waomba m'manja. Akuti mawu amenewa alembedwe m'madera onse, chifukwa mtundu wolira sutukuka. Wafunsa kuti nzeru imeneyi ndi ya yani.

A Mwamba apita patsogolo: "Ni ofesi yathu, bwana. Tinaiganizila kwambili."

Ine ndatsokomola. Ndayesa kunena za gombe logumuka, za mizu, za mapazi khumi. Ndaloza ndithu pomwe pagumukapo. Mkuluyo wagwedeza mutu, wandisisita paphewa, akuti: "Limbikila, komuledi." Kenako wafunsa ngati chimangacho chakhwima. A tcheyamani athyola cha m'munda mwawo, adzaza kumbuyo kwa galimoto. Ulendo wonse watha tiyi asanazizire.

Pochoka a Mwamba andinong'oneza kuti ndikadali kapitawo, koma lipoti ndilembe mwanzeru.

Lipoti langa: zinyalala zachotsedwa, madzi akuyenda, mitengo yabzalidwa, moyo wa nzika imodzi wapulumutsidwa. Bodza mulibemo. Mmene lalembedwera, munthu angaganize kuti ndi sabata yabwino.

Lamulungu

Kutchalitchi abusa atchula za Lachisanu. Sananene dzina, angoti "wantchito wina wa boma". Mpingo wonse watembenuka kundiyang'ana. Ndayang'ana pansi modzichepetsa, koma ndakhala mowongoka kuti akumbuyo asavutike.

Potuluka ndadzera kumtsinje. Madzi atsika. Akadali ofiirira, koma akuyenda, ndipo pansi pa mlatho ndaona timbululu. Wina wataya kale tayala latsopano.

Mbande zinayi zapulumuka. Imodzi mwa zija zogona yatulutsa katsamba.

Chimanga chikhala mpaka kukolola. Ndavomera. Boma ndi lalikulu, lingathe kudikira miyezi iwiri.

Masana amake Tisa abwera ndi uthenga wochokera kwa amayi awo. Aunena ataimirira, ngati akuwerenga kalata. Apongozi akuti akakolola adzabwerera m'mbuyo mapazi atatu. Osati khumi, atatu. Pomwe pagumuka paja akufuna pabzalidwe bango ndi nthochi, chifukwa mitengo ya boma ndi yoonda. Akuti eni minda enawo alankhula nawo okha, ndipo a tcheyamani akakana adzawapitira kunyumba.

Mapazi atatu! Kapitawo wina aliyense akadapeza angati? Ndikufunsa.

Ndafunsa ngati anenapo kanthu za kuwavuula m'madzi. Amake Tisa akuti inde: akuti ndili ndi mphamvu, koma ndimachedwa kuganiza.

Pali ndi mawu ena omaliza. Ntchito yobzala bango iyamba mawa ndikaweruka, ndipo wobzala ndi ine. Iwo adzakhala kuseri kwa chimanga n'kumalangiza.

"Akuti mubwele na khasu yanu. Yao sabweleka boma."

Khasu ndilibe. Ndikabwereka kwa a Zulu.