Nthochi za Apongozi

Lolemba

Tadula mkoko m'mawa. Ndi woyamba pa nthochi zimene amake Tisa anabzala kuseri kwa nyumba titangosamukira kuno ku Nyimba. Waukulu ndithu. Nthochi zobiriwira, zolimba ngati chinangwa.

Loweruka tikupita ku Msanzala kukaona apongozi. Amake Tisa anatumiza kale mawu kwa amai awo kuti akubwera ndi nthochi za pakhomo pawo, osati zogula pa siteshoni. Ndiye podula mkoko m'mapava, akuluakulu onse ndi a apongozi. Ang'onoang'ono ndapempha ine, ndiyeserepo sayansi.

Funso: chimapsetsa nthochi n'chiyani? Buku limene ndimaphunzitsira ana likuti chipatso chakupsa chimatulutsa mpweya wosaoneka umene umafulumizitsa zinzake. Anthu a kuno amati ndi utsi. Mwina onse akunena zoona, koma ndikufuna kuona ndi maso anga.

Dongosolo:
– phava limodzi mumtsuko wotseka, pamodzi ndi nthochi imodzi yakupsa;
– lina m'dzenje la utsi, monga amavundikira a kuno;
– za apongozi zopachika pakhonde, pamthunzi. Osazichita chilichonse.

Zachitatuzi ndizo zofunika koposa. Popanda zosiyidwa zokha, munthu sangadziwe ngati mtsuko ndi utsi zathandiza, kapena nthochi zangopsa chifukwa nthawi yakwana. Ndawafotokozera amake Tisa zonsezi akutsuka mbale. Yankho lawo: "Chitani zimene muchita, atate ake Tisa, koma za amai zikafike zaziwisi. Akavundika okha."

Ndalonjeza. Palibe chophweka kuposa kusiya chinthu osachikhudza.

Lachiwiri

Ndikubwera kuchokera kusukulu, pakhonde papachikidwa thumba. M'thumbamo nthochi za apongozi, zokulungidwa m'masamba ouma, zomangidwa ndi luzi mwaluso.

Ndi ntchito ya Amai Daka, oyandikana nafe, amene amagulitsa nthochi kwa anthu a m'mabasi. Akuti anadutsa, anaona, mtima sunawalole. "Nthochi kuziyanika monga malaya, aphunzitsi? Anthu adzati mulibe aneba."

Ndamasula, ndapachikanso. Kenako ndawapatsa mpando n'kuyamba pachiyambi: mtsuko, dzenje, ndi chifukwa chake zina ziyenera kukhala popanda thandizo la munthu. Amvetsera mwaulemu, manja pamiyendo, mpaka ndamaliza. Pamapeto funso limodzi lokha: "Nanga izi mwazikwiyila chani?"

Zakhala m'thumba kuyambira m'mawa, kunja kukutentha chonchi. Ndazitsina, zikadali zolimba. Bukuli silinena chilichonse za aneba.

Lachitatu

Utsi wa kudzenje waitana a Mwanza, a tcheyamani a chipani m'sekishoni yathu. Wina wawauza kuti kuseri kwa nyumba ya aphunzitsi kukutchezedwa kachasu. Afika ine ndili m'kalasi, afukula dzenje, apeza nthochi. Amake Tisa akuti anaoneka okhumudwa pang'ono.

Mlendo sabwerera wosalawa kanthu. Shuga akusowa m'sitolo, ndiye za tiyi palibe. Chakupsa chimene amake Tisa akumbukira msanga ndi nthochi ya mumtsuko ija. A Mwanza adya gawo loyamba la sayansi yanga, khoko aponyera nkhuku.

Si zokhazo. Amake Tisa atapita kukatunga madzi, a Mwanza atsitsa za pakhonde, aziika m'dzenje pamodzi ndi zinazo, awonjezera nkhuni, apita. Zatulutsidwa masana, zofunda ngati mwana wa malungo.

Madzulo ndawapeza pa mzere wa sopo. Alibe ndi manyazi omwe. "M'dziko la lelo, aphunzitsi, palibe wosalidwa. Zina pa utsi, zina pa mphepo? Zonse ni nthochi." Ndafotokoza kuti si tsankho, ndi njira yofananitsira. Agwedeza mutu nthawi yonse. Sopo watha tisanafike pakhomo la sitolo.

Mmene zinthu zilili:
– mtsuko: muli phava lokha, chopsetsa chadyedwa;
– dzenje: moto wachuluka;
– za apongozi: zalowa m'thumba, zalowa m'dzenje, zikununkha utsi.

Amake Tisa azipukuta imodziimodzi ndi kansalu konyowa.

Lachinayi

Ndalipeza vuto. Nthochizi zikuoneka. Kuno chinthu chikakhala chokha pamaso pa anthu, wina achithandiza basi. Ndi khalidwe labwino, ndimaphunzitsa ana chimodzimodzi, koma sayansi siyenda nalo.

Ndiye ndazibisa pansi pa bedi, kukhoma kwenikweni, ndatseka zenera ndi chitseko. Kuchipinda kwa eni nyumba salowako ngakhale tcheyamani.

Ndafukula za m'dzenje. Kunja zakuda, mkati zofewa mbali imodzi, mbali ina zolimba. Sizinapse, zawotchedwa. Povundika pamafunika utsi wochepa ndi kufunda pang'ono, osati malawi. Tisa walawa, walavula, wapita kukasewera.

Ndapempha kwa Amai Daka nthochi imodzi yakupsa yoika mumtsuko. Atumiza phava lathunthu, ndi mawu akuti, "Adye aphunzitsi, aleke kuvutika."

Ana a m'kalasi afunsa zotsatira. Ndawauza kuti wasayansi safulumira.

Lachisanu

Ndadzuka m'chipinda mukununkhira bwino. Fungo lokoma, lowopsa.

Ndagwada, ndakoka. Zachikasu! Zonse, mpaka kunsonga.

Kumbuyo kwake kwatuluka dengu la mapapaya akupsa. Amake Tisa amawasunga kumeneko kuopa mbuzi za a Daka. Sindinafunse, sindinayang'ane. Ndiye nthochi zagona pamodzi ndi mapapaya, pamalo potseka, pansi pa malata a mwezi uno wa dzuwa. Ndapanga mtsuko waukulu ndi manja anga, n'kugona pamwamba pake.

Buku linanena zoona. Ndikulemba zimenezi mosasangalala.

Ndayesa kuzichedwetsa. Thumba lonyowa, lopachika podutsa mphepo: madzi akamauma amachoka ndi kutentha, monga thukuta pathupi. Njira yabwino, koma imachedwetsa chosapsa. Chakupsa sichibwerera m'mbuyo.

Amai Daka abwera, aona, apereka nzeru: tisinthane, atenge zachikasuzi akagulitse lero lomwe, atipatse zaziwisi za kudimba kwawo. Ine ndavomera msanga. Amake Tisa akana. "Amai ndinawauza za pakhomo panga. Ndikawapatse za eni, ndiime pamenepo nkumati ndinabzala ndine?"

Ndayamba kufotokoza za mapapaya. Atenga tsache n'kupita kukasesa pabwalo posesedwa kale.

Za mumtsuko zikadali zobiriwira. Sindikudziwa chifukwa chake. Ndipo ndi zazing'ono ngati zala, sizingapite kwa apongozi.

Loweruka

Pa siteshoni kuyambira mbandakucha. Nthochi ndazilongedza m'dengu, udzu pansi, udzu pamwamba, thumba kunja. Zikayenda mwaulemu zikhoza kufika.

Basi ya kum'mawa yafika yodzaza, yatsitsa mmodzi, yakweza mmodzi. Ndafunsa wogulitsa matikiti za ina. "Mailo." Kuno mailo ndi dzulo, ndi mawanso. Sindinafunse kuti akunena ati.

Dzuwa lakwera. Mthunzi wonse uli ndi eni ake. Ndaphimba dengu ndi jekete langa la kutchalitchi.

Masana lole ya chimanga yavomera kutitenga mpaka Petauke. Amake Tisa ndi mwana kutsogolo, ine pamwamba pa matumba, dengu pamiyendo. Zimene ndaphunzira panjira:
– nthochi yakupsa ikagwedezeka imathothoka yokha pa phava;
– yothothoka imapita pansi;
– yapansi imasenza zinzake zonse.

Pokwera mtunda wina lole yazima. Amuna tonse tatsika kukankha. Pobwerera ndapeza bambo wina wachikulire wakhala pa dengu. Wapepesa kwambiri. Akuti amayesa ndi pilo.

Tagona kwa achibale ku Petauke. Dengu alikana m'nyumba chifukwa cha tintchentche. Jekete silidzavalikanso.

Lamulungu

Msanzala. Tafika pa njinga zobwereka, dengu likudontha pa matayala.

Apongozi anaitana anzawo a kutchalitchi kuti adzaone nthochi za mwana wawo wa ku Nyimba. Tawapeza atakhala pamphasa, ovala bwino, akudikira.

Kuno mkamwini sayankhula ndi apongozi maso ndi maso. Ndapatsidwa kampando pafupi ndi nkhokwe, chammbali, ndipo mawu akuyenda ndi mlamu wanga Lazalo. Ndiye zonse ndaonera m'mbali mwa diso.

Amake Tisa agwada, amasula thumba okha. Achotsa udzu. Onse asuzumira m'dengu. Apongozi apisa dzanja, atulutsa khoko limodzi lopanda kanthu, alitambasula pachikhatho, aliyeza ndi chala. "Zinali zazikulu," atero kwa anzawo. Anzawo avomera kuti zinali zazikulu ndithu. Amake Tisa ayang'ana pansi nthawi yonseyo.

Zotsalazo akuti aziponda ndi ufa, aphike chigumu. Chigumu sichifuna mafuta, ndipo mafuta palibe amene ali nawo.

Kenako Lazalo wabwera kunkhokwe. "Akuti alamu, zinatani?"

Ndamuuza zonse, mwadongosolo, kuti akafikitse bwino. Mpweya wosaoneka. Thumba la Amai Daka. Utsi wa a Mwanza. Kutentha kwa malata. Kufunika kwa kusiya zina zokha pofuna kufananitsa. Ndabwereza pamene pamavuta. Lazalo wamvetsera mpaka pamapeto, watsokomola, wadutsa bwalo, wagwada pamaso pa amai ake.

"Akuti pepani."

Amake Tisa agwira pakamwa ndi chitenje, mapewa akugwedezeka ndi kuseka. Apongozi atumiza yankho lakuti amva.

Ndinali ndi mfundo ina yowonjezera, ya kugwedezeka kwa lole. Lazalo wandiyang'ana, akudikira ngati pali zina. Ndamuuza kuti wafikitsa zonse.