Chuni cha Mayi wa ku Rasha

Lolemba
Mpikisano wa makwaya uli Loweruka, ndipo chaka chino a ku Kaomba aona zakuda. Mu memore khadi yomwe ndabenetsa pa Wimbe, pakati pa nyimbo zauzimu, mwapezeka mayi wa ku Rasha. Mawu osasa, limba likuyenda pang'onopang'ono, lipenga likulira kumbuyo. Wobena nyimbo uja akuti mayiyu ankaimba m'malo omwera mowa mpaka kukalamba. Zilibe kanthu. Chuni ndatenga, mawu ndiikamo a nkhani ya Yona. Munthu asadziwe!

Lachiwiri
Kuyeserera tikuchitira m'chigafa, chifukwa mawindo akutchalitchi alibe magalasi. Okayikitsa, omwe angaulule kwa a ku Kaomba:
1. A Phiri oimba besi. Mafunso achuluka.
2. Mkulu wina wogula nkhuku. Wadutsa kawiri, nkhuku osaoneka.
3. Mayi a kunyumba. Kwawo ndi ku Kaomba komweko.

Lachitatu
Ndawapeza mayi a kunyumba akuimba chunicho pamjigo. Pamjigo, pomwe pamatunga mudzi wonse! Akuti, "Nanga nyimbo n'kumaibisa ngati fetereza?" Ndawaimitsa kwaya mpaka Loweruka lidutse. Oyambitsa nyimbo ndi iwowo, inde, koma chinsinsi n'chinsinsi.

Lachinayi
Sakundiyankhula. Atenga zitenje ziwiri, akuti akukaona amayi awo. Ndimadziwa ine! Woyambitsa tsopano ndi Nabanda. Pomwe mayi wa ku Rasha amatsika, iye akukwera. A Phiri akufunsa ngati Yona ankalira chonchi. Mafunso aja!

Lachisanu
Wogula nkhuku wadutsa akuimba muluzu. Chuni changa! Ndamuthamangira panjinga mpaka kumlatho. Akuti anachimva mu minibasi. Bodza!
Fodya wosasankha wangounjikana, wosankha naye palibe. Kunena zoona, ndawasowa.

Loweruka
Oyamba, a ku Lisasadzi: chuni changa, mawu a Nowa.
Achiwiri: chuni changa, mawu a Zakeyu.
Achitatu ife. Anthu ayamba kuseka Yona asanamezedwe n'komwe.
Wobena uja ali pakhomo, akugulitsa makhadi. Akuti mayi wa ku Rashayo amamuika mu khadi ya aliyense kuti idzaze.
Omaliza a ku Kaomba, ndi nyimbo yawoyawo. Woyambitsa: mkazi wanga, mu yunifolomu yobwereka. Apambana. Za chuni changa mkazi wangayo sanawauze kanthu, ngakhale mzere umodzi. Manyazi andigwira.

Lamulungu
Ndatuma ankhoswe m'mamawa. Yankho labwera masana. Akuti kunyumba abwera, koma kwaya azikaimba kwawo, "kumene munthu saimitsidwa chifukwa choimba." Ndipo wowakweza panjinga Lamulungu lililonse, kupita ku Kaomba ndi kubwerako, ndikhale ine ndemwe.
Ndavomera. Ndikupopa matayala.