Khadi la Malemu Laisoni

Lolemba

Mtima uli m'mwamba. Pa kiliniki yathu ya mgodi pafika dokotala wa ku Harare, mayi wamng'ono thupi, nsapato zafumbi, makompyuta awiri. Katundu ndatsitsa ndine, poti ndine wosesa.

Akuti akusonkhanitsa makhadi a odwala a m'migodi yonse, Zvishavane kuno, Kwekwe, Lalapanzi, alowe m'nkhokwe imodzi ya dziko lonse, kuti adziwe chimene chikumaliza zifuwa za anthu. Nzeru zake! M'masitolo mulibe buledi, mulibe sopo, koma mayi awa akumanga nkhokwe ya makhadi. Ndawagomera.

Koma Lalapanzi!

Ndilembe muno, poti buku lilibe pakamwa. Laisoni Phiri si ine. Laisoni ndi achimwene anga. Anadwala chifuwa, n'kukamwalirira ku Lalapanzi kumene kunali amayi. Ine ndinalibe chitupa, monga ana ambiri a Amalawi obadwira pafamu. Ndinatenga chawo, ndinalowa mumgodi pamalo pawo, kapitao anayang'ana kumbali. Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri tsopano. Nditagwira pansi zaka zambiri, anandisamutsira ku kiliniki kukasesa. Ntchito ndi ya Laisoni. Nyumba ya mgodi imene tikukhala ku komboni ya Maglas ndi ya Laisoni.

Makhadi akakumana m'kompyuta aona kuti Laisoni anaikidwa m'manda ku Lalapanzi, koma Laisoni yemweyo akutenga mankhwala a BP kuno mwezi ndi mwezi. Nyumba yapita basi.

Pulani: kuchotsa khadi lisanalowe. Si ine wosesa? Ndimalowa paliponse.

Lachiwiri

Sindilowa paliponse.

Dokotala atenga kachipinda kosungiramo mankhwala. Zimene ndaona:
maloko awiri, kiyi wina kwa Dokotala, wina pakhosi pa a Sisitala Ncube, namwino wathu wamkulu
zenera lomatidwa ndi pepala
buku pakhomo, wolowa alembe, wotuluka alembe
mafoni atsale panja (ndilibe, koma andifunsabe)

Ndikusesa a Sisitala ali chilili kumbuyo kwanga. Mabokosi a makhadi ndi omata ndi tepi, patepipo asayinapo. Bokosi la P ndiye lalikulu kuposa onse. Ife a Phiri!

Masana abwera abwana olemba ntchito, akufuna angosuzumira kuti adziwe amene amajomba akudwaladi. Dokotala aima pakhomo, mutu wawo kulekeza paphewa la abwanawo. "Mayina satuluka muno, bambo, ngakhale mubwere ndi nduna."

Abwana abwerera atazyolika. Tsache landigwa m'manja ndi chimwemwe. Kenako ndakumbukira kuti chitseko chakana bwana chikukananso ine.

Lachitatu

Pulani yachiwiri: magetsi. Popanda magetsi kompyuta ndi bokosi chabe, ndipo kuno amazima tsiku lililonse.

Nayini koloko, thi! Azima. Zikomo Yehova.

Dokotala sakudandaula n'komwe. "Sekuru, tithandizeni." (Sekuru ndiye agogo m'Chishona.) Pansi pa tebulo pali mabatire a galimoto anayi, padenga pali sola. Akuti fumbi la mgodi laiphimba.

Wakwera padenga ndani? Ine. Wapukuta ndani? Ine. Ndimati ndipukute mwaulesi, koma manja angawa sadziwa ntchito yosiyira panjira. Yawala ngati mbale ya mlendo. Kompyuta yagwira ntchito tsiku lonse. Afika pa M.

Kunyumba chakudya chikukana kutsika. Akazi anga, amayi a Chipo, akuti: "Eni dzina anapuma kalekale, obwereka ndiye mukuonda."

Lachinayi

Mwayi! Akufuna munthu wokhulupirika wonyamula makhadi kuchokera m'bokosi kupita patebulo. A Sisitala atchula ine. Dokotala andiwerengera pepala lolumbira kuti zimene ndione muno sindikanena kwa mkazi, kwa m'busa, kapena kwa bwana. Ndasayina. Kulumbira chilungamo ndi dzina lobwereka!

Bokosi la P latsegulidwa. Sukulu ndinalekeza Giredi 3, ndimawerenga ndi chala. Phiri Jonasi. Phiri Kenesi. Phiri Laisoni! Lachikasu, lotha m'makona. Pamwamba chifuwa cha achimwene, pansi BP yanga.

Lalowa m'malaya. Thukuta kamukamu.

Folo koloko a Sisitala akuwerenga makhadi obwerera m'bokosi. Awerenga kawiri. Limodzi lasowa. Palibe wokalipa, palibe wondiyang'ana. Dokotala angovula magalasi. "Khadi limenelo ndi thupi la munthu. Anatikhulupirira. Sitichoka mpaka lipezeke."

Ndiye agwada okha kusuzumira pansi pa kabati. Dokotala wathunthu, mawondo pasimenti, tsitsi m'ukonde wa akangaude amene ndinayenera kusesa dzana!

Zandikanika. Ndagwada nane, n'kulipeza kuseri kwa batire. Lonyowa pang'ono. Ndati ndi madzi a batire.

Andiombera m'manja. Andipatsa tiyi wa shuga. Shuga weniweni, woyamba chiyambire mwezi uno, ndipo sindinaumve kukoma.

Lachisanu

Lalowa. Ndaona ndi maso anga.

Amachita chonchi. A Sisitala amakhala pakompyuta yoyamba, amalemba nambala ya chitupa, kompyutayo imabereka nambala ina yaitali, dzina osalowa. Dokotala pakompyuta yachiwiri amangoona nambala yaitaliyo ndi matenda. Sadziwa kuti ndi Phiri kapena Banda. Anaganiza zimenezi ndani? Munthu ameneyo apatsidwe ng'ombe.

Ndikusesa pakona imene ndasesa kale katatu. Kompyuta ya Dokotala yalira, pii!

"Sisitala, Lazaro wina uyu! Anamwalira ku Lalapanzi, kenako wayamba BP."

Ndasiya kusesa.

Dokotala akuseka. "Ndi achibale obwerekana chitupa. M'migodi yonse tikuwapeza. Ine sindine wapolisi, ndingowagawa akhale anthu awiri." Agogoda pang'ono, womwalira watenga nambala yake, wamoyo yake.

Kenako kuseka kwatha. Akuti wamoyoyu wagwira pansi pa mgodi zaka zambiri koma sanajambulidwepo m'chifuwa, chifukwa aliyense akaona khadi amati anajambulidwa kale. Chithunzi chili pamenepo ndi cha womwalira. "Ndikanamudziwa ndikanamukoka khutu."

Ndagwira khutu langa mosadziwa.

A Sisitala, amene awerenga dzina pakhadi lija, sakuyang'ana kwa ine. Akuyang'anitsitsa khoma, mpaka nane ndayamba kuliyang'ana.

Loweruka

Pachitseko cha kiliniki pali chidziwitso. Aliyense wogwiritsa ntchito khadi la m'bale wake abwere Lolemba, apatsidwe nambala yakeyake ndi kujambulidwa m'chifuwa. Dzina safunsa. Ku ofesi sikupita kanthu.

Wamata ndani? Ine, ndi phala la ufa. Ndamata mopendama pang'ono kuti anthu asaganize kuti zikundikhudza.

Ndikusesa pakhonde, ndikuona owerenga. Madala Banda oyandikana nafe awerenga, atsokomola, achoka mofulumira. Mayi wina wangoti m'Chishona, "Zvakaoma," ndiye kuti n'zovuta. Mkulu wa mpingo wathu, amene amatidzudzula za bodza sabata ndi sabata, waima pamenepo nthawi yaitali, kenako wandifunsa ngati Lolemba amatsegula seveni kapena eyiti. Akuti akufunsira munthu wina.

Zodetsa nkhawa zatsopano:
ndatsokomola kawiri lero
makina ojambulira akaona chinthu, nanga?
akapanda kuona kanthu, ndiye kutsokomola kuja n'chiyani?
kodi munthu amapuma kapena sapuma pojambulidwa?
malaya anga am'kati ndi obooka

Lamulungu

Kutchalitchi ine ndi mkulu wa mpingo tapatsana moni osayang'anana.

Khadi linalowa, silitulukanso. Pulani yanga yalephera tsiku ndi tsiku, ndipo theka la ntchito yoilepheretsa ndagwira ndekha. Nyumba ikadali yathu. Abwana sakudziwa kanthu ndipo sadzadziwa, poti pakhomo paja pali Dokotala. Mawa lomwe Dokotalayo akupita ku Kwekwe ndi mabatire awo, kukayambanso ndi A. Mulungu awapatse dizilo.

Achimwene ali ndi nambala yawo tsopano. Zaka zonsezi ndakhala ndikuwamwetsa mankhwala a BP. Apume.

Ine ndatsala ndi chifuwa changa, chimene sichinaonedwepo ndi munthu. Ndati mwina ndidikire sabata ina, anthu achepeko. Amayi a Chipo akusoka malaya am'kati aja. Adula ulusi ndi mano, andiponyera pamiyendo.

"Mulawirire. Mzere ukhala wautali. Akufa ku Maglas kuno ndi ambiri."

Chabwino. Ndipita.