Nsapato Zinayankhula kwa Apongozi

Pali nyumba ina ku Woodlands, mu Lusaka, imene mpaka lero ndikafika pakhonde pake ndimayamba ndayang'ana kumapazi. Nkhani yake akazi anga amakonda kuifotokoza kukabwera alendo, koma amaikometsera mbali yawo. Choncho ndati ndikuuzeni ndekha mmene zinayendera.

Zaka zimenezo dziko linali ndi chipani chimodzi, ndipo sopo, shuga ndi mafuta ophikira tinkazipeza titaima pamzere. Ine ndinali kalaliki wamng'ono mu ofesi ina ya boma, ndikukhala ku Kabwata kwa amalume anga. Mowa sindinkamwa, fodya ayi, za mpira sizinkandikhudza. Matenda anga anali amodzi basi, baisikopo ya Loweruka masana.

M'tauni munali nyumba ina ya baisikopo imene masana a Loweruka inkaonetsa zithunzi zakalekale za ku Amereka, zoimba ndi zovina. Zinali zakale ndithu, zina zakuda ndi zoyera, filimu yake yokalikakalika ngati kukugwa mvula. Nthawi zina inkaduka pakati, anthu n'kuyamba kuimba malikhweru. Anzanga a ku ofesi ankati zimenezo ndi za nkhalamba, koma ine ndinkangokhala kukamwa yasa. M'zithunzi zimenezo munthu amatha kuchotsedwa ntchito m'mawa, n'kutuluka mu ofesi akuvina, wapolisi wapamsewu n'kumuthandiza nyimbo. Oimba malipenga osaoneka komwe abisala, koma nyimbo ili mkati. Mwamuna akafuna mkazi sankatuma ankhoswe. Ankangotsika masitepe atavala jekete ya mchira, nsapato zikulira ke-ke-ke, mtsikana n'kuyamba wakwiya, kenako n'kuseka, ukwati watheka. Kwa munthu wochokera pamzere wa shuga, zimenezi zinali mankhwala.

Chinandiwononga n'chakuti amuna ambiri a m'zithunzimo sanali okongola n'komwe. Ena anali oonda ngati ine, makutu otambalala ngati anga. Ndinaganiza kuti kusiyana kwathu ndi nsapato zokha.

Mumdima momwemo ndi mmene ndinadziwana ndi Esinati, mtsikana wotayipa mu ofesi ina ya m'tauni, amene ankaseka malo omwe ndinkaseka ine. Kwawo ankatsanzika kuti akupita kwa mnzake ku Chilenje. Bambo ake, a Sakala, anali mkulu wa mpingo, ndipo baisikopo ankaiika gulu limodzi ndi mowa ndi juga. Tinakondana, ndipo ine ndinatsimikiza kuti mkazi ndi ameneyu, wina ayi.

Tsiku lina ndinatenga nsapato zanga zakuda kupita nazo kwa bambo wosoka nsapato pamsika wa Kabwata. Ndinawauza kuti andikhomere tizitsulo kunsi.

"Shani ba kalaliki. Twa kumbuyo, kuti chidendene chisasile?" anandilonjera bamboyo n'kufunsa.

"Kumbuyo ndi kutsogolo komwe."

"Na kutsogolo? Mufuna muziyenda monga hachi?"

Anadula tizidutswa ta chitsulo cha mgolo n'kukhoma, akupukusa mutu. Kuyambira pamenepo, amalume akangochoka, ine pa simenti ya kuseri pochapira zovala, ke-ke-ke, kutsanzira zomwe ndaona Loweruka. Vuto linali loti nsapato zooneka bwino ndinali nazo zomwezo. Ku ofesi ndinkayendera m'mphepete mwa mapazi ngati munthu wa matekenya, ndipo abwana anandifunsapo ngati ndikufuna kalata ya kuchipatala.

Nthawi yokafunsira mbeta itakwana, amalume ndiwo anakhala ankhoswe. Ine ndi Esinati tinapangana kuti tikanene kuti tinadziwana ku kwaya ya achinyamata, ndipo amalume ndinawauza zomwezo. Anakhulupirira (amalume ankagona Loweruka masana, ndiye za kwaya sankazitsata).

M'mawa wa tsikulo anandikhazika pansi. "Iwe uli ndi ntchito imodzi yokha, kukhala chete," anatero. "Maso pansi, manja pamaondo. Akakufunsa kanthu ndiyankha ndine. Mkamwini wabwino samveka."

Mwina mukufunsa chifukwa chake sindinachotse tizitsulo tija. Ndinaganizapo. Koma ndinkawerengera kuti anthu a ku Woodlands amayala kapeti nyumba yonse. Nyumba za olemera ndinkazidziwira m'baisikopo.

Tinatsika basi n'kuyenda pakapinga wa m'mbali mwa msewu, nsapato zili zii. Kufika pakhomo, kapeti kulibe. Kuyambira pakhonde mpaka m'kati munali simenti ya polishi wofiira, yonyezimira yoti munthu n'kumeterapo ndevu. Pansi pamenepo ndi pomwe panali ulemu wonse wa mai Sakala, amayi a Esinati. Pakhomo anaikapo tizidutswa ta bulangete lakale, toti mlendo aponde n'kumayenda mokhwekhwereza mapazi kuti asadetse.

"Pondani pa tinsaluti, abambo, pansi m'poterera," anatero mai Sakala kwa amalume.

Amalume anandinong'oneza m'khutu. "Usaponde, ndipo usavule nsapato. Sitinabwere kudzapempha ntchito ya m'dimba. Tikangoyamba kukhwekhwereza mapazi, aziti anthu a ku Kabwata ndi otsika." Kenako anakweza mawu. "Zikomo amayi, polishi tinamuzolowera."

Iwo zinawayendera, poti nsapato zawo zinali za mphira. Ine nditaponda koyamba kunamveka kuti ke. Kachiwiri, ke. A Sakala, amene anakhala pampando wawo waukulu magalasi ali pamphuno, anayang'ana kudenga ngati pagwa chipatso pamalata. Amalume anayamba kutsokomola kuti aphimbe phokosolo, ndipo anatsokomola mpaka ndinafika pampando.

Titalonjerana, amalume anayamba ntchito yawo, ndipo ankaidziwa. Anati taona nkhuku yabwino pakhomo pano, tabwera kudzapempha. Kenako anayamba kundiyamikira.

"Mwana uyu ndi wofatsa kwambiri, abambo. Kunyumba timachita kuiwala kuti alipo. Njira zomwe amazidziwa ndi ya ku ntchito, ya ku tchalitchi ndi ya kunyumba. Loweruka masana anzake akamapita kumowa, iye amapita kukaphunzira nyimbo."

(Pamenepa amalume sananame kwenikweni.)

A Sakala anagwedeza mutu, ndipo ndinaona kuti zinthu zikuyenda. Anati tisanapitirire, tiyambe tapemphera. Tonse tinatsinzina.

Amene munakulira mumpingo wa makolo athu a kum'mawa mukudziwa pemphero la mkulu wa mpingo. Limayambira pa kulengedwa kwa dziko, kudutsa kwa abale a kumudzi, mvula, atsogoleri a dziko, apaulendo, kenako odwala. M'nyumba munali zii, mawu a a Sakala okha. Tsono ine ndikachita mantha mwendo wanga umanjenjemera, ndi chibadwa. Kale unkanjenjemera mwakachetechete. Tsiku limenelo unali ndi chitsulo.

Ke-ke-ke-ke.

Ndinakanikiza bondo ndi dzanja. Mwendo winawo unalandira nyimbo. Amalume ananditsina pantchafu osatsegula maso. A Sakala anaima kaye pang'ono pakati pa mawu, kumvetsera, n'kupitiriza mokweza. Nzeru yomwe inandibwerera inali yonyamula mapazi onse awiri m'mwamba, kuti asakhudze pansi. Ndinakhala choncho, miyendo ili lende, thukuta lili kamukamu m'kolala, pemphero lili pa nkhani ya mvula. Kwa odwala linali lisanafike n'komwe.

Pomwe ankati ameni, miyendo yanga inali itachita dzanzi mpaka m'chiuno.

"Pita ukagwade, upereke moni kwa amayi," anatero amalume motsitsa mawu.

Mai Sakala anali atakhala pakampando kakafupi cha kukhomo lopita kukhitchini. Ndinaimirira. Mwendo wamanzere kunalibe. Wamanja unatsetsereka kupita kutsogolo wokha. Munthu wamba akanangogwa, anthu n'kumupepesa, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma mapazi anga anali ataphunzitsidwa kwa miyezi kuseri kwa nyumba, ndipo pofuna kundipulumutsa anachita zomwe ankadziwa. Kete-kete-ke, chidendene, chala, chidendene, manja m'mwamba kufuna pogwira, thupi n'kuzungulira lonse, kenako ndinatsetsereka ndi bondo limodzi kukaima pamaso penipeni pa mai Sakala, manja ali tambasu.

Ndinene zoona, pa simenti ya ku Kabwata sindinazichitepo bwino chonchi.

Kenako kuseri kwa chitseko cha kukhitchini kunamveka kuseka kotsamwa, ndi kuwomba m'manja kawiri. Anali Esinati, amene ankasuzumira. Chizolowezi cha ku baisikopo chinamupitirira.

A Sakala anavula magalasi n'kuwapukuta pang'onopang'ono. "Ankhoswe, kwaya imeneyi ndi ya mpingo uti?"

"Ndi kuterereka chabe, abambo. Polishi wa amayi ndi wamphamvu," anayankha amalume.

"Munthu woterereka amagwa chagada. Uyu wazungulira." Anatembenukira kwa ine. "Mnyamata, takweza phazi."

Ndinakweza. Tizitsulo ta mgolo tinanyezimira.

"Esinati, tabwera kuno. Wawomba m'manja. Ndiye kuti zoterezi unazionapo kwina. Munadziwana kuti?"

Esinati analowa n'kugwada, maso pansi. Apa manyazi anandithera, m'malo mwake munalowa mantha enieni, oti mtsikana uyu ndamutaya chifukwa cha zitsulo za mgolo. Ndinaonanso kuti ndikapitiriza kukhala chete, mlandu wonse ugwera iye. Ndinaphwanya lamulo la amalume.

"Ku baisikopo, abambo. Loweruka masana. Amalume sakudziwa kanthu."

Amalume anatulutsa mpweya ngati tayala loboka. Mai Sakala sanandiyang'ane n'komwe. Maso awo anali pansi, pomwe panali mizere yoyera yokalika kuchokera pampando wanga kufika pamapazi awo, ndi kabwalo kozungulira pakati.

"Pansi panga," anatero chapansipansi.

A Sakala anati yankho atitumizira. Tiyi sanabwere. Potuluka ndinavula nsapato n'kuzinyamula kumanja, ndipo amalume sananenenso za ntchito ya m'dimba. Tinayenda mpaka pokwerera basi. Pamenepo ndi pomwe anati, "Ine ndi imvi zangazi, wandisandutsa mboni yonama pamaso pa mkulu wa mpingo. Ukanandiuza, bwenzi nditanama mwanzeru."

Panapita masabata kuli chete. Ku baisikopo Esinati sankabwera, ndipo ine ndinkaona anthu akuvina pansalu paja osamva kukoma kulikonse. Kenako a Sakala anaitanitsa amalume, ndipo amalumewo anabwerako ndi yankho.

"Akuti bodza lako lawanyansa, koma poti unaulula wekha pamaso pawo, sakukukana," anatero amalume. "Akuti kumudzi mkamwini amalima munda wa apongozi kuti aone mtima wake. Ku Woodlands munda kulibe. Ndiye uzipita kukapaka polishi nyumba yonse mpaka tsiku la ukwati. Baisikopo iwe ndi mwana wawo muiwale."

"Tsiku lanji?"

"Loweruka masana."

Mdala uja nthawi anaisankha akudziwa. Ndinavomera, poti panalibe choganizira kawiri. Tizitsulo ndinakachotsetsa kumsika kwa bambo wosoka uja.

Ndinapaka polishi dzinja lonse, kudutsa nyengo yozizira, mpaka kunja kunayamba kutentha. Kalaliki wa boma, tayi m'thumba, maondo pansi, bulashi kumanja. Mai Sakala ankaima kumbuyo kwanga n'kumaloza ndi chala chakuphazi. "Apa simunapitepo, atate." Esinati ankaloledwa kundipatsa madzi akumwa, osakhala pansi. Patapita nthawi madzi aja anasanduka tiyi, ndipo tsiku lina amayiwo anandiikira ndi mbatata yomwe. Ndinadziwa kuti mlandu ukutha.

Ukwati unachitika, wa kutchalitchi, wopanda kuvina. Tinapeza kanyumba ku Chelstone. Loweruka loyamba tili patokha, Esinati anavala diresi yake yabwino, ine jekete, tinakwera basi ya m'tauni ngati ana otsekera sukulu. Tsopano panalibe wotiletsa.

Kufika pa baisikopo paja, zithunzi zomata pakhoma zinali za amuna osavala malaya akumenyana mateche m'malere. Pamzere panali anyamata okhaokha, akuyeserera nkhonya. Ndinafunsa wogulitsa matikiti kuti zoimba zija zikuyamba nthawi yanji.

"Vija voimbaimba? Tinaleka kale, ba boss," anatero. "Benze kubwela ni bantu bang'ono. Imwe babili mutaleka, kunasala chabe tunkhalamba, ndiye bakulu banati vichoke."

Tinaima pamenepo kanthawi, anthu akutidutsa. Esinati anandigwira dzanja, chinthu chimene sankachita pamsewu. Chisoni chinandigwira ndithu, ngati munthu wofika kumudzi n'kupeza mnzake wapamtima anaikidwa kale. Tinagula mtedza wokazinga n'kubwerera ku Chelstone.

Mawa lake titaweruka ku tchalitchi tinapita ku Woodlands kukadya. Ndili pakati pa nkhani, pakamwa panandipsa, ndinawauza a Sakala kuti zithunzi zija anasiya kuonetsa, ndipo akuti chinathetsa ndi kusowa kwa ife awiri. Ndinkaganiza kuti mwina amva chisoni pang'ono, kuti ndi chiweruzo chimodzi anatsekera Lusaka yense nyimbo.

Mdala uja anatafuna, n'kumeza, n'kupukuta pakamwa.

"Mukuona, atate," anatero. "Mapemphero amayankhidwa."

Ndinati inde abambo, poti apongozi sutsutsana nawo. Amalume mpaka imfa yawo ankati phunziro la nkhaniyi ndi loti nkhoswe sanamizidwa, ndipo mwina ankanena zoona. Ine chimene ndimadandaula nacho n'china. Pa moyo wanga wonse ndinavina bwino kamodzi kokha, ndipo mwa anthu anayi amene anaona, atatu sanakondwere.